Mlandu Wofika ku Lusaka

Ine mpira wa basiketibo sindiudziwa, ndiyambe ndanena zimenezo. Chimene ndimaona n'chakuti anyamata ataliatali amagunditsa mpira pansi, kenako n'kuuponya m'kadengu kobooka kunsi, mpira n'kugwa, iwo n'kuyambiranso. Chimene ndimadziwa ine ni basi. Zaka za m'ma 1990 ndinali dalaivala wa koleji ina kuno ku Livingstone, ndipo timu ya anyamata ndinkainyamula ndine.

Ndikuuzeni kaye za timuyo, apo ayi za ulendowu simuzimvetsa.

Chaka china anyamata athu anali akatswiri a chigawo chonse cha kummwera. Koma mmene anakhalira akatswiri, mmm. Mumpira umenewu muli lamulo lakuti anzanu akapanda kuoneka pabwalo, refa amadikira pang'ono, n'kuliza wezulo, n'kulemba kuti mwawina 20 kwa 0. Amati wokova. Ndiye masiku amenewo magalimoto a makoleji anzathu anali pamiyala, dizilo kulibe. Akayenera kubwera kwathu, osabwera. Wokova. Ife tikapita kwawo, kwina tinapeza ana asukulu onse atabwezedwa kumakomo chifukwa choswa mawindo pankhani ya nyemba zofumbwa. Wokova. Kwina tinapeza chitsulo chija choponyamo mpira chitabedwa, akuti wina anakapangira mbaula. Refa anayang'ana mtengo wopanda kanthu, anayang'ana ife, analiza wezulo. Anyamata athu ntchito yawo inali kuvala majezi, kudumphadumpha, kujambulitsa, n'kukwera basi kubwerera akuimba.

Bakochi athu anali baSitali, mphunzitsi wa zowerengera, amene anapatsidwa ukochi chifukwa pa aphunzitsi onse ndi okhawo anali ndi tirakisuti. Lolemba lililonse ankapereka zigoli kwa bapurinsipo, koma liwu loti wokova ankalisiya m'thumba. Ndiye bapurinsipo pa asembule, chifuwa patsogolo: "Taonani anyamata awa! Chaka chonse palibe wawamwetsa ngakhale chimodzi!" Ine ndili kuseri kwa holo ndi ndowa yanga yotsukira basi ndinkangoti, koma n'zoona, palibe wawamwetsa. Bodza panalibe apo.

Tsono kunabwera uthenga woti akatswiri a zigawo zonse akakumane ku Lusaka Loweruka madzulo. Bapurinsipo anandiitana ku ofesi. Mpando sanandipatse.

"Sakala, basi yako ija natopa nayo. Mwezi watha inafa na maliro mu njira, bokosi mpaka kunyamula pamapewa. Ku Lusaka kuzakhala bakulubakulu ba ku unduna, naitana nekha. Ikafera mu njira, iyenda ku okushoni. Manje koleji ilibe basi, dalaivala ni wa chani?"

Mukumbukire kuti nthawi imeneyo mafakitale kuno anali kutsekedwa motsatana. Ku Libuyu kumene ndinkakhala, amuna anzanga amene dzulo anali ndi maovolosi ankangokhala pansi pa mtengo kusewera nsolo kuyambira m'mawa. Ine sukulu ndinalekeza kumunsi kwenikweni, ana kunyumba pakamwa yasa. Ndikanapita kuti? Ndinatuluka mu ofesimo ndikudziuza kuti, Sakala, kaya ugwe mvula ya miyala, basi iyi ikafika.

Vuto lake lalikulu basiyo linali limodzi, sitata inafa kalekale. Kuti ilire, mpaka kukankha. Ine ndimaika giya yachiwiri, kuponda kilachi, anthu kukankha, ndikasiya kilachi, khoo khoo, yalira. Ikalira sindizimitsa, pokhapokha ndaimika potsetsereka. Ndipo ndinene chilungamo, anyamata aja kukankha basi ankakudziwa. Mwina ndi masewera okhawo amene anasewera zenizeni chaka chonse.

Tinapangana kunyamuka kusanache. Ndinafika ine, ndinapeza bamake Inonge okha, mayi wophika ku koleji, amene anapempha lifiti chifukwa mwana wawo anali atangobereka mwana woyamba ku Lusaka. Anali ndi nkhuku yomanga miyendo, mtolo wa matewera ndi chigubu cha chibwantu, thobwa la kuno lija. Anyamata ankafika mmodzimmodzi, ngati anthu opita kukazulitsa dzino. Bakochi anatulukira kuchokera kunyumba kwawo ku Nottie Broadie dzuwa litatentha kale.

Tangotuluka pageti, Mweemba, kaputeni wa timu, mnyamata wamtali wofika pa denga la basi, akuti waiwala nsapato kwa azakhali ake ku Malota. Tinakhota kupita ku Malota. Analowa m'nyumba, tinadikira, tinadikira, mpaka nkhuku ya bamake Inonge inagona tulo. Anatuluka chimanjamanja.

"Sizili muno. Kapena zili ku hositelo."

"Iwe Mweemba," anatero bamake Inonge osatembenuka n'komwe, "nanga izo zatulutsa mphuno mu chola chako ni nsomba?"

Ine apo sindinaganize kanthu. Ndinangoti mwana ali ndi nkhawa, mutu wasokonezeka.

Msewu wochoka ku Livingstone kupita ku Zimba masiku amenewo sunali msewu, anali maenje olumikiza ndi tara pang'ono. Ine ndinkaudziwa, pena kutsikira kumbali m'fumbi, pena kukwera. Koma bakochi, amene maulendo onse ankandikalipira kuti ndimayenda ngati ndanyamula mazira, tsiku limenelo anandigwira phewa.

"Pang'onopang'ono baSakala. Mwanyamula chuma cha koleji."

Pa Zimba mnyamata wina anati sitinapemphere, tiime. Pemphero simungakane. Ndinaimika, injini ikulira, iye anapempherera timu, makolo, odwala m'zipatala, akaidi, mvula, mpaka asodzi a pa Zambezi. Pa Kalomo theka la timu linagwidwa m'mimba nthawi imodzi. Analowa kuseri kwa sitolo, anabwerako akutafuna chimanga chootcha. Ndinadzifunsa kuti m'mimba mwa mtundu wanji umenewu wochira ndi chimanga, koma poti sukulu ndilibe, ndinati mwina ziliko.

Pa Choma bakochi anati akapereke moni kwa alamu awo kuseri kwa msika, kamphindi chabe. Ine phazi pa moto, dizilo ikupsa, dzuwa likukwera. Azimayi ogulitsa nthochi anabwera pazenera, anapita, anabweranso ena. Ndinaliza hutala mpaka anthu a pamsika anayamba kunditukwana m'Chitonga. Bakochi anabwera akuyenda ngati mkwati, akutokosa m'mano.

M'basi monse munalibe nyimbo. Izi ndiye zinandidabwitsa. Anyamata aja tikamapita kukawina wokova ankaimba mpaka mawindo kunjenjemera. Tsiku limenelo zii, aliyense maso pazenera kuwerenga ng'ombe za eni.

Titadutsa Monze pali malo ena athyathyathya, oti ngakhale madzi a mvula sadziwa kolowera. Pamenepo wina kumbuyo anakuwa kuti tayala likununkha. Tayala si chinthu chochita nacho makani. Ndinaimika, ndinasiya injini ikulira, ndinatsika kukagwira matayala onse. Ozizira bwinobwino. Ndili chigwadire kumbuyoko ndinangomva injini, gwedegwede, zii.

Ndinathamanga kutsogolo, ndinapeza bakochi atagwira kiyi m'manja.

"Dizilo inali kuonongeka, baSakala. Ni chuma cha boma ichi."

"Bakochi, apa ni pa fulati! Mudziwa basi iyi!"

"Osavutika. Banyamata bazakankha."

Anatsika anyamata. Ine giya yachiwiri, kilachi pansi, ndikuyang'ana pagalasi. Abale, zimene ndinaona. Anyamata amene ankaikankha basi imeneyi mumchenga wa ku Libuyu ikathawa ngati njinga, tsiku limenelo anaika manja pabasi ngati akuipempherera. Kubuula ndiye kunalipo, "Hiii! Hiii!" nkhope zokwinya, mitsempha m'khosi. Basi osasuntha ngakhale chala. Wina anagwira msana. Wina anakhala pansi akuti chizungulire. Mweemba ankakankha ndi dzanja limodzi, linalo akukanda m'mutu.

Bamake Inonge anatsika, anamanga chitenje m'chiuno, anaika phewa pabasi. Inasuntha. Mayi mmodzi wa zidzukulu, inasuntha. Kenako anabwera pazenera langa akupuma mwamphamvu.

"BaSakala, imwe muli na maso koma simuona. Aba bana sibafuna kufika. Dzulo ku kicheni nabamvera. Ku Lusaka kulibe wokova, kuli banthu bamene basewera zoona. Baopa."

Zonse zinayamba kubwera, nsapato, pemphero, chimanga, alamu. Ndinadzimva kupusa, komanso ndinamva kutentha m'makutu.

Bakochi anaona kuti nkhani yatuluka. Anandikokera kumbali, pansi pa kamtengo, n'kutsitsa mawu ngati tili pamaliro.

"BaSakala, ndimwe bakulu, tiyeni tikambe monga bamuna. Basi ni yakale, aliyense adziwa. Tizakamba kuti fanibeloti inaduka pa Monze. Palibe azakupatsani mlandu. Banyamata bazasunga ulemu wao, koleji izasunga dzina."

"Nanga ine nizasunga chani?"

"Aaa, ija nkhani ya okushoni? Bapurinsipo bakamba chabe. Nizakukambirani ine."

Ndinawayang'ana. Munthu wophunzira, wa tayi mkati mwa sabata, amene bapurinsipo akangotsokomola iye amaimirira. Ameneyo ndiye akandilankhulire. Ndinaganiza za amuna anzanga a pansolo paja, mmene amasunthira kupereka malo wina watsopano akafika. Ndinaona malo anga pansi pa mtengo paja. Ndinati ayi. Ulemu wa anyamata ndi chinthu chabwino, sindikukana, koma bwanji ulemu wawo ukaphikidwe ndi nkhuni zanga?

"Bakochi, fanibeloti ili bwino. Nipatseni kiyi."

Anandipatsa akumwetulira, poti ankadziwa kuti kiyi payokha siliza basi.

Tinakhala pamenepo. Dzuwa linafika pamutu n'kuyamba kupendeka. Magalimoto ankadutsa, ine kutambasula dzanja, iwo kuliza hutala n'kupita. Dalaivala wa lole ina anaima, anaona anyamata ataliatali atagona pamthunzi wa basi, anati, "Muli na banthu bonse aba, mufuna ine nichite chani?" Anapita. Anyamata anayamba kuchira tsopano, wina mpaka kuimba kamluzu. Bakochi anavula nsapato.

Ndiye kunatulukira ngolo m'kanjira ka kumunda, ng'ombe ziwiri zikuluzikulu pagoli, mdala wachitonga atakhala pamwamba ndi mpongozi wake ndi thumba la mbatata. Ndinathamanga, ndinavula kapusi, ndinapereka moni ndi Chitonga changa chothyokathyoka. Mdalayo anandimvera mpaka kumapeto, kenako anayang'ana anyamata aja nthawi yaitali.

"Bonse aba ni bodwala? Mubapereka ku chipatala?"

"Iyayi batate, ni bampira. Ma champiyoni."

Anagwedeza mutu, analavula pambali, anatsika kukamasula ngolo. Bakochi anadzuka msangamsanga opanda nsapato, akuti malamulo a boma salola galimoto ya boma kukokedwa ndi ziweto. Bamake Inonge anawafunsa kuti lamulo limenelo lili patsamba liti, ndipo ngati likunenanso za mphunzitsi wozimitsa basi pathengo. Bakochi anakhala pansi.

Tinamanga tcheni kutsogolo. Mdala anaitana ng'ombe zake ndi maina, analiza mkwapulo m'mwamba osazikhudza, zinaweramitsa mitu. Basi inayamba kuyenda, pang'ono, pang'ono, kenako ndithu. Ine mtima uli m'mwamba kuopa kuti ikalira ingalumphire ng'ombe za mwini, phazi lina pa kilachi, lina lili chire pa buleki. Ndinasiya kilachi. Khoo. Khoo khoo. Utsi wakuda, yalira! Ndinaponda buleki, ng'ombe zili bwinobwino, imodzi mpaka inayamba kudya udzu ngati palibe chachitika.

Mdala anakana malipiro alionse. Anangomwa chibwantu cha bamake Inonge, n'kupempha kuti timutengere mpongozi wake ndi mbatata zake mpaka pa Mazabuka. Anyamata anakwera basi mwakachetechete, ngati akaidi.

Kuchokera pamenepo kiyi ndinaiphimba ndi bondo. Pa Mazabuka mpongozi uja anatsika basi ikuyenda pang'onopang'ono, thumba tinamuponyera. Wina anati akufuna nzimbe, ndinati adzadya pobwerera. Wina anati mkodzo, bamake Inonge anamupatsa chitini. Pa mapiri a Munali basi inakwera ikulira ngati ng'ombe yophedwa, singano ya kutentha ikunjenjemera pafupi ndi pofiira, ine ndikuyankhula nayo, ndikuti mayi wanga, ukafera pano tafa tonse awiri. Kumbuyo ndinamva wina akupempheranso chapansipansi. Sindikudziwa kuti ankapempha chiyani, koma ndikukayika ngati tinkapempha chimodzi.

Ndinkati zatha, koma pa mlatho wa Kafue panali rodibuloko. Wapolisi anabwera pazenera, ndinapereka laisensi, anayang'ana, anali pafupi kutikweza dzanja. Ndiye Mweemba anatulutsa khosi lake lalitali pazenera.

"Bwana, iyi basi ilibe sitata. Na malaiti ya kumbuyo siyayaka. Tiopa ngozi ise."

Mwana amene ndinkamugawira chimanga changa pa maulendo. Amene tsiku lina ndinamubisa kuseri kwa mipando atalowa mochedwa pageti. Wapolisi anandiyang'ana.

"Mdala, paka apo. Zimya injini."

Ndinapaka koma sindinazimitse. Ndinatsika, ndinagwira kapusi ndi manja awiri. Anandilankhulira bamake Inonge kuchokera pazenera, ndipo sanasiye kanthu. Za wokova, za mbaula, za 20 kwa 0, za ng'ombe. Wapolisi anayamba ndi nkhope yolimba, kenako milomo inayamba kugwedera. Anaitana mnzake, "Iwe, bwera umvere izi." Bamake Inonge anabwerezanso, ulendo uno akuonetsa ndi manja mmene Mweemba ankakankhira. Apolisi awiri anagwirana mapewa kuseka. Woyamba uja anakwera m'basi, anayang'ana anyamata mmodzimmodzi, anandibwezera laisensi.

"Malaiti mukakonze, mdala. Yendani. Aba chilango chao chili kutsogolo."

Tinalowa mu Lusaka dzuwa litafiira. Ndinafunsa njira kawiri, ndinapeza holoyo, ndinapeza ndi kamtunda koimikapo basi, ndinazimitsa ndekha ndi dzanja langa. Refa anali ataika kale wezulo pakamwa, akuyang'ana kukhomo. Tikanachedwa pang'ono chabe, wokova ikanakhala ya anzathuwo, ndipo anyamata athu akanabwerera ndi mbiri yawo yonse, basi yokha ndiyo yolakwa.

Bamake Inonge anatenga nkhuku yawo n'kupita kukaona mdzukulu. Ine ndinaima pakhomo la holo. Kutsogolo ndinaona bapurinsipo, amene anabwera ndi sitima dzulo lake, atakhala pakati pa akuluakulu awiri a masuti, akuwalozera anyamata athu monyadira.

Anzathu amene tinkasewera nawowo anali a chigawo cha kumigodi. Za masewerawo sindinena zambiri poti ndanena kale kuti sindiudziwa mpirawu. Koma ngakhale ine ndinaona kuti pali chalakwika. Mpira unalowa m'kadengu kathu bapurinsipo asanatsitse dzanja lolozera lija. Unalowanso. Unalowanso. Wathu wina anaugwira n'kuthamanga nawo ataukumbatira ngati mwana wodwala, refa analiza wezulo, iye anapitirizabe. Mweemba ndi kutalika kwake konse, kamnyamata kofika m'khwapa mwake kanamudutsa pansi pa mkono. Mayi wolemba zigoli pabolodi anatumiza munthu kukafuna choko china. Pamene athu anaponya umodzi n'kulowa, holo yonse inaimirira kuomba m'manja, ndi a kumigodi omwe, ndipo kumeneko ndiye kunawawa kuposa kumwetsedwa. Mmodzi wa akuluakulu aja anali atabisa nkhope mu kansalu, mapewa akugwedezeka. Bakochi anali kumanga ndi kumasula zingwe za nsapato zawo.

Zitatha ndinabwerera kubasi, ndinayamba kupukuta galasi. Mumtima ndinali ndi chisoni ndi ana aja, sindinama, koma ndinalinso ndi kamtendere. Ndauzidwa kuti ndifike, ndafika.

Ndinamva nsapato kumbuyo. Bapurinsipo, bakochi akuwatsatira akulongosola kuti anyamata afika otopa chifukwa chokankha basi. Bapurinsipo anawakweza dzanja kuti akhale chete. Anaima pafupi nane, anayang'ana basi, anayang'ana ine. Ndinavula kapusi, ndikuti mwina pabwera ka zikomo.

"Sakala. Sitali akamba kuti pa Monze basi inazima."

"Inazima, bwana. Koma nailiza."

"Unailiza." Anapuma mozama. "Basi iyi imafa na maliro. Imafa na nkhuni za ku kicheni. Inafa na ine pa tsiku la ukwati wa mwana wanga. Lero, tsiku limodzi chabe lamene inafunika kufa, iwe wailiza. Ulibe nzeru, Sakala? Dalaivala wanzeru sembe anafera pa Monze."

Ndinaima ndi kansanza kanga m'manja. Ndinaganiza kuti kapena sindinamve bwino. Koma ayi, ndinamva bwino: akuti ndikanakhala wanzeru, ndikanafera pa Monze. Ndikanafera pa Monze, ntchito yatha. Ndafika, ndilibe nzeru. Ndinafufuza m'mutu mwangamu kuti munthu wanzeru akanayenda njira iti pakati pa ziwirizi, sindinaipeze, ndipo mpaka lero sindinaipeze.

"Bwana, nifunseko. Ntchito nikali nayo?"

Anayang'ana kumbali. Kuchotsa munthu chifukwa wafika kumene unamutuma, ngakhale iwo anaona kuti n'kovuta kukafotokoza ku unduna, makamaka kwa anthu amene angomaliza kukuseka.

"Lolemba ubwere monga masiku onse."

"Zikomo bwana." Ndinavala kapusi yanga. "Koma ulendo wina, mukafuna kuti nikafere mu njira, muziniuziratu tauni yake tikalibe kunyamuka."